Kuchoka ku Maryland: Texas kapena Indiana, nanga tauni iti?

Admin: Abale, funso ili labwera ku inbox ndipo eni ake apempha kuti tibise dzina. Ndi banja la anthu anayi, akukhala ku Silver Spring, Maryland. Mayi ndi nesi wolembetsedwa, RN, bambo amayendetsa thiraki ndipo ali ndi CDL, layisensi yoyendetsera galimoto zazikulu zamalonda. Ana ndi awiri, wina wa zaka 4, wina wa zaka 12. Onse ali ndi green card. Lendi yawakwana ndipo akufuna kusamuka chaka chino. M'maganizo mwawo muli Texas ndi Indiana, koma sakudziwa chigawo kapena tauni yoti akafikire. Odziwa zinthu thandizani. Zongoti "bwerani kuno n'kwabwino" popanda chifukwa ndizifufuta.

Achimwene a ku DFW (Dallas ndi Fort Worth): Texas basi. Kulibe msonkho wa pa malipiro. Nkhani yatha.

Madala Gama: Siinathe achimwene, yangoyamba kumene. N'zoona kuti Texas sidula msonkho wa state pa malipiro, monganso Florida, Tennessee, Nevada ndi Washington. Tiyeni tiwerengere pa $10,000 iliyonse yomwe imadulidwa msonkho. Ku Montgomery County komwe banjali lili, mu 2025 ambiri ankalipira 4.75% ya state kuphatikiza 3.2% ya county, ndiye kuti $795. Ku Indiana, mu 2025 msonkho wa state unali 3% kwa aliyense, koma county iliyonse imawonjezapo yake. St. Joseph County, komwe kuli South Bend, imadula 1.75%, kupanga $475. Marion County, yomwe ndi Indianapolis, imadula 2.02%, kupanga $502. Hamilton County, komwe kuli Carmel ndi Fishers, imadula 1.1%. Ku Texas ziro. Mpaka apa achimwene mwawina.

Vuto limabwera tsiku logula nyumba. Texas imabweza ndalama zake pa msonkho wa nyumba, ndipo odula ndi ambiri pa nyumba imodzi: school district, county, mzinda, nthawi zina chipatala cha county ndi koleji. M'madera atsopano amawonjezanso MUD kapena PID, yomwe ndi ngongole ya mapaipi ndi misewu imene anatenga pomanga dera lonselo. Tiyerekeze kuti zonse pamodzi zakwana 2.5% pa nyumba ya $350,000. Imeneyo ndi $8,750 pachaka musanachotse homestead exemption, yomwe ndi kuchotsera kwa mwini amene akukhala m'nyumba yake. Ku Indiana malamulo amati msonkho wa nyumba yomwe mwini wake akukhalamo usapitirire 1% ya mtengo umene boma layika, kupatula zomwe anthu a m'deralo avomereza okha pa voti, kawirikawiri za sukulu. Pa nyumba ya mtengo womwewo ndiye kuti pafupifupi $3,500. Ndiye funso loyamba kwa banjali ndi lakuti: mukachita lendi zaka zingati musanagule?

Achimwene a ku DFW: Koma a lendi msonkho wa nyumba sukuwakhudza.

Madala Gama: Ukuwakhudza, ungobisala mu lendi. Landilodi satulutsa za m'thumba mwake. Komanso pogula zinthu, ku Dallas ndi ku Houston mumalipira 8.25%, ku Indiana 7%, ku Maryland 6%. Chinanso choti asaiwale: chaka chosamukacho adzalembabe msonkho wa Maryland wa miyezi imene anakhalako, monga part-year resident. Ndipo ku Indiana county yomwe imakudulani ndi imene munali kukhalamo pa 1 Januwale chaka chimenecho. Mukasamuka ku Marion kupita ku Hamilton mu Malichi, chaka chonsecho mulipirabe ya Marion.

Nabanda RN: Ine ndiyambire pa layisensi ya mayiwa, chifukwa ndi imene igwire banja miyezi yoyamba. Maryland, Texas ndi Indiana onse ali mu Nurse Licensure Compact, mgwirizano wa ma state olola nesi kugwira ntchito ndi layisensi imodzi. Ngati layisensi yawo ya Maryland ndi multistate, akhoza kuyamba ntchito akangofika. Onetsetsani pa Nursys, webusaiti ya kaundula wa malayisensi a manesi, kuti palembedwadi multistate, chifukwa ena ali ndi single state koma sadziwa. Kuyambira pa 2 Januwale 2024, nesi amene wasamukira ku state ina ya mu compact ayenera kupempha layisensi ya kwatsopanoko pasanathe masiku 60. Musadikire kuti ya Maryland ithe kaye. Ku Texas kuli mayeso a malamulo a unesi otchedwa jurisprudence exam, ndi kudinda zala. Mayesowo si ovuta, koma zala zimachedwetsa ngati simunasungitse malo msanga. Ngati maphunziro anachitira kumudzi, alembere board ya kumene akupitako tsopano lino kufunsa mapepala omwe akufuna kwa ophunzira kunja, chifukwa pepala lochokera ku Lilongwe silibwera m'sabata imodzi.

Pali msampha umodzi wa ku South Bend. Malire a Michigan ali pafupi kwambiri, mphindi zochepa pa galimoto muli ku Niles. Michigan siili mu compact. Mukapeza nyumba yabwino ku Niles kapena ku Berrien Springs n'kukhala kumeneko, layisensi ya multistate mwaitaya, chifukwa imatsata komwe mumagona, osati komwe mumagwira ntchito. Mudzafunika ya Michigan ngati mukugwira ku Michigan, ndi ya Indiana ya single state ngati mukugwira ku South Bend. Asamalenso amene akuganiza zokhala ku Hammond kapena ku Merrillville, ku Indiana, n'kumagwira ku Chicago: Illinois nayo siili mu compact, ndiye adzafunika layisensi ya Illinois.

Anamoyo: Nanga a CNA, othandizira manesi aja, achemwali? Ambiri pagulu pano ndi a CNA.

Nabanda RN: CNA siili mu compact. State iliyonse ili ndi kaundula wake, ndipo mumapempha kuti akusamutsireni dzina, chomwe amati reciprocity. Chofunika ndi chakuti satifiketi ikhale isanathe ndipo pasakhale mlandu pa dzina lanu. Yambani zimenezi mwezi umodzi kapena iwiri musananyamuke.

Kubwerera kwa mayiwa, musayang'ane malipiro a pa ola okha. Werengani kuti m'tauniyo muli mabwana angati. Ku Dallas ndi Fort Worth kuli Parkland, UT Southwestern, Baylor Scott & White, Texas Health, Methodist, Medical City. Ku Houston kuli Texas Medical Center, mpanda wonse zipatala zokhazokha. Ku Indianapolis kuli IU Health, Eskenazi, Ascension St. Vincent, Community ndi Franciscan. Ku South Bend zazikulu ndi ziwiri, Memorial ya Beacon ndi Saint Joseph ku Mishawaka. Mukayambana ndi manijala m'tauni ya zipatala ziwiri, mwatsala ndi khomo limodzi logogoda. Ndipo sign-on bonus iwerengeni bwino. Kawirikawiri imakumangani chaka chimodzi kapena ziwiri, mukachoka msanga mumabweza, nthawi zina ndalama yonse ngakhale kuti inu munalandira atadula kale msonkho.

Che Mbewe: Za bambowa. CDL lamulo lake ndi la dziko lonse: ukasamuka state uyenera kuisintha pasanathe masiku 30. Si masiku 60 kapena 90 ngati layisensi wamba ayi. Medical card ikhale isanathe. Ngati ali ndi hazmat, chilolezo chonyamula katundu woopsa, ayembekezere mayeso olemba ndi kuunikidwanso ndi TSA, bungwe la chitetezo pa zamayendedwe.

Kunena za ntchito, Indianapolis ndi pamphambano. I-65, I-69, I-70 ndi I-74 zonse zimakumana pamenepo, ndipo FedEx ili ndi hub yake yachiwiri kukula pa bwalo la ndege la mumzindawu. Ma warehouse adzaza ku Plainfield, Whitestown ndi Greenwood. Ntchito za local zoti madzulo uli pakhomo zimapezeka m'malo ngati amenewa. DFW nayo sichepa: I-35 yochokera ku Laredo, I-20, I-30, I-45 ya ku Houston. Kumpoto kwa Fort Worth kuli Alliance komwe kampani ya sitima ya BNSF imatsitsa makontena, kum'mwera kwa Dallas ku Wilmer ndi Hutchins kuli kampani ya sitima ya Union Pacific. Koma onani mapu. Kuchoka ku Alliance kupita ku Wilmer ndi ulendo woposa ola limodzi nthawi ya jamu. Munthu akati "ndapeza ntchito ku Dallas" sananene kanthu. Mufunseni adiresi ya yadi yomwe thiraki imagona.

South Bend ndi Elkhart ntchito zambiri zimadalira mafakitale a ma RV, nyumba zoyenda nazo zija. Chuma chikayenda bwino ovataimu mpaka kutopa nayo. Chikatsokomola, anthu amayamba kusiya kugula zinthu ngati zimenezo. Mu 2009 ulova ku Elkhart unafika pafupifupi 20%. Dalaivala amene katundu wake yense ndi wa mafakitale amenewo adziwe zimenezi.

Nachisale: Che Mbewe mwakhudza nkhani yeniyeni koma mwailambalala. Mayi akagwira usiku, 7 koloko madzulo mpaka 7 m'mawa, bambo ali pa msewu masiku asanu, mwana wa zaka 4 agona ndi ndani? Musandiuze kuti ndi wa zaka 12 uja.

Che Mbewe: N'chifukwa chake ndikuti local, achemwali. Ndalama imachepako koma umagona kwanu.

A Jere: Apa ndi pomwe South Bend imaposa. Aliyense akudziwa kuti Amalawi anakhazikika kumeneko kalekale, ndipo Berrien Springs komwe kuli Andrews University ndi theka la ola chabe, ndiye a Seventh Day ali ndi kwawo. Kukhala ndi munthu woti atenge mwana kusukulu shifiti ikatalika, woti akubwerekeni galimoto yanu ikafa, woti abwere kusiwa, zimenezo mtengo wake sulembedwa pa pepala la Madala Gama.

Achimwene a ku DFW: Ku Dallas kulinso Amalawi ambiri.

A Jere: Alipo, koma wina ali ku McKinney, wina ku Arlington, wina ku Mesquite. Kuonana ndi pa ukwati ndi pa maliro basi. Ku South Bend, Mishawaka ndi Granger ndi mtunda wa mphindi 20. Banjali lilembe mayina a anthu enieni omwe lingawaimbire 5 koloko m'mawa, kenako lione pa mapu kuti amakhala pati. Ngati palibe dzina ngakhale limodzi, aike mtengo wa daycare mu bajeti, ndipo afunse ma daycare atatu a m'deralo ngati ali ndi malo, osangofunsa mtengo.

Nachisale: Za sukulu tsopano, ndipo apa ndichedwapo chifukwa ndi pomwe anthu amalira atasaina kale lease. Dzina la tauni lomwe lili pa adiresi si limene limasankha sukulu. Ku Texas malire a ISD, yomwe ndi district ya sukulu, satsata malire a mzinda. Nyumba ikhoza kukhala mu mzinda wa Plano koma ana n'kumapita ku Frisco ISD. Mbali ina ya mzinda wa Dallas ili pansi pa Richardson ISD. Ku Marion County, Indianapolis yomweyo, muli ma district 11, ndiye "ndikukhala ku Indy" sizikutiuza ngati mwana apite ku IPS (Indianapolis Public Schools), Pike, Washington Township kapena Perry. Ku St. Joseph County kuli South Bend Community, School City of Mishawaka, Penn-Harris-Madison ndi ena, ndipo adiresi ya Mishawaka ikhoza kugwera uku kapena uko. Musanapereke dipoziti, lowani pa webusaiti ya district, lembani nambala ya nyumba ndi msewu, muone dzina la sukulu. Zimene walemba wotsatsa nyumba musazikhulupirire, malire amasintha akatsegula sukulu yatsopano.

Mwana wa zaka 4 uja, tsiku lobadwa likufunika. Ku Texas kindergarten amalowa amene wakwanitsa zaka 5 pofika pa 1 Seputembala, ngati ku Maryland. Ku Indiana tsiku lake ndi 1 Ogasiti. Mwana wobadwa pa 20 Ogasiti alowa ku Texas, koma ku Indiana makolo ayenera kupempha mwapadera, ndipo akakana ndiye chaka china cholipira daycare. Pre-K yaulere ku Texas si ya aliyense, ndi ya magulu osankhidwa monga a ndalama zochepa, ana amene akuphunzira kumene Chingerezi ndi ana a asilikali. Banja la nesi ndi dalaivala lisaidalire.

Tengani makadi a katemera kwa dokotala wa ana musanachoke. Texas ndi Indiana amafuna katemera wa Hepatitis A kawiri, pomwe sukulu za ku Maryland sizimufuna, ndipo pakati pa jakisoni woyamba ndi wachiwiri pamadutsa miyezi 6. Wa zaka 12 akhale atabayitsa Tdap ndi wa meningitis. Chomaliza, kalendala. Sukulu zambiri za ku Indianapolis zimatsegula kumapeto kwa Julaye kapena kumayambiriro kwenikweni kwa Ogasiti, za ku Texas chapakati pa Ogasiti. Amene wazolowera zoti sukulu ndi kumapeto kwa Ogasiti akafika ana anzawo ataphunzira kale masabata awiri kapena atatu.

Anamoyo: Ndiwonjezere za nyumba. Chaka choyamba chitani lendi, ngakhale muli ndi ndalama ya dipoziti yogulira. Tauni simuidziwa pa weekend imodzi. Ma apartment ambiri amafuna malipiro okwana katatu lendi, amaona credit, ndipo amafunsa landilodi wakale. Ngati simunayambe ntchito, offer letter yosainidwa imalowa m'malo mwa ma pay stub, ndiye ntchito ibwere kaye, nyumba pambuyo. Funsani mtengo wonse, chifukwa pamwamba pa lendi amaikapo za zinyalala, za mankhwala a tizilombo, za parking, madzi. Ndipo musatumize dipoziti pa Zelle kwa munthu wa pa Facebook Marketplace amene akuti ali kunja kwa tauni, makiyi atumiza. Nyumbayo si yake.

Ku Silver Spring werengani lease yanu lero. Ambiri amafuna notisi yolemba ya masiku 60, ndipo mukaphonya amakuikani pa mwezi ndi mwezi pa mtengo wokwera. Jambulani nyumba yonse mutatulutsa katundu, siyani adiresi yatsopano polemba. Ku Maryland landilodi ali ndi masiku 45 obweza dipoziti, ku Indiana 45, ku Texas 30.

Mukadzafika pogula ku Texas, pali zinthu zitatu zomwe wa ku Maryland sanazizolowere. Choyamba dothi. Kumpoto kwa Texas dothi ndi la makande, limafufuma kukagwa mvula, limang'aluka kukauma, ndipo maziko a nyumba amayenda nalo. Zitseko zosatsekeka bwino ndi ming'alu yopendekeka pamwamba pa mawindo ndi chizindikiro. Itanani injiniya, osati inspector yekha. Chachiwiri matalala. Inshuwalansi zambiri zimaika deductible ya mphepo ndi matalala pa 1% kapena 2% ya mtengo womwe nyumba yalembedwa pa inshuwalansi, ndiye pa $350,000 denga likaonongeka $3,500 kapena $7,000 yoyamba ndi yanu. Chachitatu madzi, makamaka ku Houston. Inshuwalansi wamba ya nyumba silipira madzi osefukira, mumagula ina payokha, ndipo ya boma yotchedwa NFIP imayamba kugwira patatha masiku 30 pokhapokha ikugulidwa limodzi ndi ngongole ya nyumba. Onani adiresi pa mapu a madzi osefukira a FEMA, bungwe la boma loona za ngozi, komabe kumbukirani kuti pa namondwe wa Harvey mu Ogasiti 2017 nyumba zambiri zimene zinamira zinali kunja kwa malo olembedwa kuti ndi oopsa. Funsani aneba kuti madzi anafika pati.

Achimwene a ku DFW: Mukuopseza anthu. Nanga ku Indiana kulibe mavuto?

Anamoyo: Aliko. Nyumba zotsika mtengo za ku South Bend zambiri ndi zakale. Iliyonse yomangidwa chisanafike chaka cha 1978 ikhoza kukhala ndi penti ya lead, ndipo mwana wa zaka 4 ndi amene amavulala nayo. Lamulo limati wogulitsa kapena landilodi akupatseni pepala lonena zomwe akudziwa. Onani basement ngati imalowa madzi, onani zaka za furnace, ndipo pemphani mabilu a gasi a Januwale ndi Febuluwale. Nyumba ya lendi yotsika koma mawindo akale imadya ndalama yomwe munapulumutsayo m'miyezi itatu.

Che Mbewe: Ndipo snow ya South Bend si ya Maryland. Mphepo ikadutsa pa Lake Michigan imanyamula chinyezi n'kukachikhuthula pomwepo. Pachaka imapitirira mainchesi 60, pomwe Indianapolis safika ndi theka lomwe. Nesi wa shifiti ya 7 m'mawa sauzidwa kuti lero khalani kunyumba. Matayala a nyengo yozizira, batire yabwino, ndi kutsuka galimoto kunsi chifukwa mchere wa mumsewu umadya chitsulo. Ku Dallas vuto ndi lina: Julaye ndi Ogasiti kutentha kumadutsa madigiri 38 masiku ambiri, AC imalira usana ndi usiku.

Madala Gama: Pa magetsi a ku Texas ndiikepo mawu. Ku Dallas ndi ku Houston mumasankha nokha kampani yogulitsa magetsi, pa webusaiti ya boma ya Power to Choose. Ku Austin ndi San Antonio ayi, magetsi ndi a mzinda. Pulani iliyonse ili ndi pepala lotchedwa Electricity Facts Label lomwe limaonetsa mtengo pa 500, 1,000 ndi 2,000 kWh. Ambiri amakopeka ndi mtengo wa pa 1,000, osadziwa kuti ndi wotsika chifukwa cha bill credit imene imabwera pokhapokha mukafika pamenepo. Mwezi womwe mwagwiritsa 950, credit palibe, bilu yakwera. Tengani fixed rate yopanda zokometsera, ya miyezi yofanana ndi lease. Ndipo musaiwale Febuluwale 2021, pomwe kuzizira kunagwetsa magetsi masiku angapo, mapaipi n'kuphulika m'nyumba. Mukalowa m'nyumba iliyonse ku Texas funsani pomwe pali valavu yotsekera madzi.

Nachisale: Galimoto zingati? Ku Silver Spring banja likhoza kukhala ndi imodzi chifukwa cha Metro ndi mabasi.

Che Mbewe: Ziwiri, kulikonse mwa malo awiriwa. DART, mabasi ndi sitima za m'deralo, imayenda ku Dallas ndi mizinda ina monga Garland, Irving ndi Richardson, koma Frisco ndi McKinney si mamembala, ndipo ku Arlington kulibe mabasi a mizere yokhazikika. Kumpoto kwa Dallas misewu yachangu ndi yolipira: Dallas North Tollway, Sam Rayburn, President George Bush Turnpike. Tengani TollTag, kachitika kolipirira misewuyi, sabata yoyamba, chifukwa bilu yobwera pa positi ndi yokwera kuposa ya tag. Werengerani ma toll a kupita ndi kubwera kuntchito, muchulukitse ndi masiku a mwezi, muwonjeze pa lendi. Nthawi zina nyumba yodula pafupi ndi chipatala ndiyo yotchipa.

Mapepala a galimoto: ku Texas kulembetsa galimoto ndi masiku 30, layisensi wamba masiku 90, ndipo pali $90 ya new resident pa galimoto iliyonse. Kuyambira Januwale 2025 anachotsa safety inspection pa galimoto wamba, koma m'ma county ngati Dallas, Tarrant, Collin, Denton ndi Harris muyezetsabe utsi. Ku Indiana ndi masiku 60, ndipo zoyeza utsi zili ku Lake ndi Porter County kokha. Ngati galimoto ili pa ngongole, title ili ndi banki, ndiye auzeni msanga. Inshuwalansi imawerengedwa ndi ZIP code, pemphani mtengo pa ma adiresi awiri kapena atatu omwe mukuwaganizira musanasankhe. Bwezani ma plate a Maryland ku MVA, ofesi yawo ya galimoto, musanathetse inshuwalansi ya kumeneko, apo ayi chindapusa chimawerengedwa tsiku ndi tsiku inu muli kutali. Ndipo bambowa ngati amabwera ndi mutu wa thiraki kunyumba, ma HOA (mabungwe a eni nyumba m'dera) ndi ma apartment ambiri salola. Afunse asanasaine.

A Jere: Za immigration, mwachidule koma musazipeputse. Aliyense amene si nzika ayenera kudziwitsa USCIS, ofesi ya immigration, adiresi yatsopano pasanathe masiku 10, pa fomu ya AR-11 kapena pa akaunti ya pa intaneti, munthu aliyense payekha, ana omwe. Kusintha adiresi ku positi ofesi sikuwauza a USCIS. Ngati akuyandikira kupempha unzika, lamulo limati ukhale utakhala miyezi 3 mu state kapena district yomwe ukulembera N-400, fomu yopemphera unzika. Ndiye asankhe: alembe ali ku Maryland n'kudikira, kapena asamuke n'kuwerenga miyezi itatu. Kusamuka fomu ili m'kati kumachititsa kuti fayilo isamutsidwe ofesi, ndipo kalata ya interview ikapita ku adiresi yakale ndiye mavuto. Kwa ena owerenga amene ali pa visa ya ntchito ya H-1B kapena ya sukulu ya F-1, malamulo anu ndi ena, lankhulani ndi loya wa kuntchito kapena ofesi ya kusukulu musanalongedze.

Nabanda RN: Inshuwalansi ya chipatala isadukize. Funsani bwana watsopano tsiku lomwe imayamba, ena ndi tsiku loyamba, ena pa 1 mwezi wotsatira, ena mpaka masiku 90. Kusamuka kumakupatsani masiku 60 olowera pa Marketplace, msika wa boma wogulirapo inshuwalansi ya chipatala, bola munali ndi inshuwalansi musanasamuke. Medicaid, inshuwalansi ya boma ya opeza zochepa, siyenda nanu, mumatseka uku n'kukapempha uko. Indiana inakulitsa Medicaid kudzera mu pulogalamu yake ya HIP, Texas sinatero, ndiye wamkulu amene ntchito yamuthera ku Texas alibe pogwira kwenikweni. Tengani mankhwala a miyezi itatu ngati wina amamwa a BP kapena shuga.

Anamoyo: Kunyamula katundu. Kuchoka ku Silver Spring kukafika ku Indianapolis kapena South Bend ndi mamailosi pafupifupi 600, tsiku limodzi. Ku Dallas ndi oposa 1,300, masiku awiri ndi kugona panjira. Popeza bambo ndi dalaivala, kubwereka thiraki ya one way n'kumene kungatchipe, ndipo pakati pa mwezi ndi pakati pa sabata mtengo umatsika. Mukafuna kampani, ikhale ndi nambala ya boma ya USDOT, muione pa webusaiti ya FMCSA, bungwe loyang'anira makampani a mathiraki, ndipo mudziwe ngati ndi carrier kapena broker. Broker alibe thiraki, amagulitsa ntchito yanu kwa wina yemwe simunamuonepo. Wokupatsani mtengo pa foni osaona katundu, n'kufuna dipoziti yaikulu, ameneyo mtengo udzasintha katundu ali kale m'thiraki. Pemphani binding estimate yolemba. Pa non-binding, lamulo limati tsiku lotsitsa sangakukakamizeni kulipira zoposa 110% ya mtengo umene analemba. Chitetezo chaulere chomwe kampani imapereka katundu akaonongeka ndi masenti 60 pa paundi, ndiye TV ya mapaundi 50 ikasweka mulandira $30. Mapasipoti, ma green card, masatifiketi ndi mankhwala zikwere nanu m'galimoto.

Achimwene a ku DFW: Chabwino, ndavomera kuti si msonkho wokha. Koma za ndege zopita kumudzi palibe wanena. Ku DFW kuli Qatar ndi Emirates.

A Jere: Zilipo, koma ulendo wake ndi wozungulira. Pano banjali lili pafupi ndi Dulles komwe Ethiopian imanyamuka kupita ku Addis Ababa, kenako Lilongwe kapena Blantyre, ndipo embassy yathu ili ku Washington komweko. Zimenezo azitaya. Ethiopian imanyamukanso ku Chicago O'Hare, maola awiri pa galimoto kuchokera ku South Bend msewu ukakhala bwino, atatu ndi kanthu kuchokera ku Indianapolis. Samalani ndi nthawi: South Bend ili pa Eastern, Chicago pa Central, ola limodzi kumbuyo.

Madala Gama: Ine kuona kwanga, pa banja ili, mpikisano weniweni uli pakati pa kumadzulo kwa Indianapolis, cha ku Plainfield, Avon ndi Brownsburg, ndi mbali imodzi ya DFW yomwe chipatala ndi yadi ya thiraki zayandikana. South Bend ilowe pokhapokha ali ndi abale enieni kumeneko oti agwire ana. Houston ndikanaisiya kaye kwa anthu ofuna kugula nyumba msanga.

Nachisale: Madala, Avon ndi Brownsburg lendi si yotsika ngati kale. Asapite ndi mitengo ya m'mutu.

Madala Gama: N'chifukwa chake apite akaone. Atenge masiku atatu a m'kati mwa sabata, osati Loweruka. Ayendetse galimoto kuchoka pa nyumba yomwe akuifuna kupita kuchipatala 6 koloko m'mawa, abwerenso 7:30 madzulo. Adutse pa apartment 10 koloko usiku aone parking ndi phokoso. Alowe mu ofesi ya sukulu afunse mapepala olembetsera.

Admin: Eni funso ayankha ku inbox. Akuti mwana wamng'ono anabadwa pa 11 Ogasiti, layisensi ya mayi ndi multistate, ndipo lease ikutha pa 31 Julaye. Akufunsa kuti ayambe ndi chiti sabata ino.

Anamoyo: Lease. Ngati notisi ndi ya masiku 60, kalata ifike ku ofesi pasanafike pa 1 Juni, ndipo asunge umboni woti yalandiridwa.

Nachisale: Ndipo pa 11 Ogasiti ndiye kuti ku Indiana waphonya ndi masiku 10. Aimbire district ya Avon, ya Plainfield ndi ya Brownsburg mawa, afunse ngati amalandira pempho la early entrance ndi tsiku lomwe amatseka kulandira, chifukwa district iliyonse ili ndi ndondomeko yake ndipo ena amatseka sukulu isanatsekere.